Ng'ombe Imene Ndinagulitsa N'kubwerera Nayo

M'khola langa ku Madzimoyo munali ng'ombe imene sinali yanga, ngakhale inabadwira momwemo.

Inali yaikazi, yofiira, ya nyanga imodzi yopindikira pansi. Ana anga onse anakulira mkaka wake. Itakalamba inaleka kubereka, mano anatha, nthiti zinayamba kuonekera. Mlimi aliyense amadziwa chochita ndi ng'ombe yotere. M'mamawa wina ndinaimanga chingwe n'kuyamba nayo ulendo wa ku Chipata, kwa anthu a butchala.

Chingwe chinadukira m'tauni, kumashopu a amwenye. Ndinamangirira ng'ombeyo pamzati wa khonde ndi kachidutswa kotsala, n'kulowa m'sitolo yogulitsa makasu, misomali ndi zitsulo za pulawo kuti ndigule china. Eni sitoloyo anali madala aafupi a magalasi ochindikala, obadwira m'Chipata momwemo, ndipo Chinyanja chawo chinali chosalala kuposa cha ana anga. Amwenye ambiri a kwathu ndi Asilamu. Awa anali Ahindu, a mabanja owerengeka aja amene ife sitinkawasiyanitsa ndi anzawo.

Ndikusankha chingwe, madalawo anatuluka pakhonde. Anaiyang'ana ng'ombe ija nthawi yaitali.

"Amayiwa akupita kuti?"

"Ku butchala, madala."

"Alakwa chiyani?"

"Akalamba."

"Ndiye mukamaliza mubwere mudzatenge ine."

Anandifunsa mtengo umene a butchala akanandipatsa. Ndinawauza, nditakweza pang'ono monga achitira munthu aliyense. Sananenerere. Analowa, anatuluka, anandiikira ndalama m'manja.

"Tsopano bwererani nawo kunyumba. Mpeni usawakhudze. Adzafe imfa yawo."

Tinagwirana chanza. Chingwe chija ndinalipira ndithu. Pa zamalonda madalawo sankasokonezeka.

Akazi anga atandiona ndikulowa pabwalo madzulo, ng'ombe ili pambuyo, anaimika ntchito yawo.

"Bambo ake, yakana kufa?"

"Ndagulitsa."

"Nanga iyo ndi chithunzi chake?"

Ndinawafotokozera. Anati amwenye ndi anthu ochenjera, payenera kukhala china chake. Tinadikira china chakecho miyezi ingapo. Sichinabwere. Chimene chinkabwera ndi kagalimoto kakale ka madalawo, Lamulungu masana, ife titangotuluka m'tchalitchi.

Ankatsika ndi kambale kokutira pansalu. M'menemo munkakhala chapati, buledi wawo wopyapyala uja, ndipo ankati ndi choyamba kutuluka pachiwaya tsiku limenelo. Pakhomo la khola ankavula nsapato. Ine ndinavulapo nsapato polowa m'nyumba za anthu olemera, koma kuvula kuti uponde ndowe ndinakuonera kwa iwo. Ankaidyetsa ng'ombeyo, n'kuigwira pamphumi, kenako n'kudzigwira pamphumi pawo, milomo ikugwedezeka. Ana a m'mudzi ankaonerera pampanda. Sipanatenge nthawi, nkhani inafika kumpingo.

Ine ndine mkulu wa mpingo. Anzanga anandiitana kuseri kwa tchalitchi nandifunsa ngati zinali zoona kuti ndikusunga fano m'khola. Ndinati fanolo limadya mapesi anga, ndipo ine ndimaliweramira pochotsa nkhupakupa pokha. Anaseka, koma sanakhutire. Kunena zoona, nanenso sindinakhutire. Ndiye Lamulungu lina ndinafunsa.

"Madala, mumapempha chiyani kwa ng'ombe?"

"Ingandipatse chiyani? Mano ilibe."

"Nanga mumanena chiyani?"

"Zikomo."

"Koma mkaka wake munamwa ndi inu?"

"Anamwa ana anu. Inu munaiwala kuthokoza, ndiye ndikukuthokozerani." Anapukuta manja pansalu ija. "Mulungu ali mwa iyo monga ali mwa inu, akulu a mpingo. Kusiyana kwake n'kwakuti iyo siyitsutsa."

Ankanditchula choncho nthawi zonse, akulu a mpingo, ndipo sindinadziwe ngati unali ulemu.

Pang'onopang'ono ndinadziwa za moyo wawo, osati chifukwa ankadandaula, koma chifukwa ndinkagula misomali pamenepo. Akazi awo anamwalira kale, ndipo mtembo anautentha monga mwa mwambo wawo. Mwana wawo mmodzi yekhayo anali kutsidya la nyanja, kumene ankawaitana kuti akakhale, iwo n'kumakana. Makasitomala anathawira ku katundu wotchipa wolowera pamalire a dziko ku Mwami. Maso awo ankachita ng'ala, moti mapeto ake kagalimoto kaja ankawayendetsera wantchito wawo. Koma m'mawa uliwonse ankatsegula sitolo, n'kuyatsa kanyali kamafuta patsogolo pa chithunzi chimene chinali pashelefu pakati pa zitini za penti, n'kuliza kabelu kakang'ono. Masiku ena kabeluko ndiko kokha kankalira m'sitolomo mpaka dzuwa kulowa.

"Bwanji osapempha Mulungu wanu akutumizireni makasitomala?" ndinawafunsa tsiku lina.

"Mulungu si kalaliki wa pa boma woti uzimukumbutsa. Kutsegula chitseko ndi kwanga. Kulowa kwa munthu si kwanga."

Mumtima ndinati chimenecho ndi chikhulupiriro cha munthu wogonja. Ife kumpingo timapempha, ndipo timatchula chimene tikufuna mwachindunji kuti pasakhale kusamvana. Chaka chimenecho tinapempha mvula. Inabwera, tinabzala, kenako inadula chimanga chitangoyamba kumasula. Tinasala kudya kuti ibwerere. Inabwerera minda itauma kale. Pambuyo pake matenda a chigodola analowa m'makola. Ng'ombe zanga zolimira zinafa motsatizana, ndipo yaing'ono imene ndinkaiyembekezera ndinaigulitsa kuti tigule chimanga. M'khola munatsala nkhalamba ija yokha. Ngakhale matenda anaipeputsa.

Bambo anga anamwalira m'nyengo yomweyo.

Anali Mngoni wa ng'ombe. M'masiku awo anagwetsapo ng'ombe pamaliro a anthu ambiri, ena osakhala n'abale omwe. Munthu wotere saikidwa ndi ndiwo za masamba. Aliyense wobwera kudzakhuza malirowo ankayamba wasuzumira m'khola asanafike pasiwa.

Achimwene anga aakulu anafika kuchokera ku Lusaka. Anandikokera kuseri kwa nkhokwe.

"Iwe, ndikumva zoti chiyani? M'khola muli ng'ombe."

"Ndi ya mwenye, achimwene."

"Yabadwira kuti? Imadya za ndani?"

"Ndinagulitsa. Ndinalonjeza kuti mpeni suikhudza."

"Mwenyeyo amaona? Akuti maso anafa. Tipha iyi lero, tikadzapeza mpata tigula ina yofiira. Aziidyetsa mabuledi akewo. Kapena ukufuna bambo ako apite ngati mlendo wofera panjira?"

Adzukulu, amene ankayenera kukumba manda, sanabise maganizo awo. Mmodzi anakhala pamwala pamene ndikanamuona bwino n'kumanola mpeni.

"Akulu a mpingo," anatero mokweza, "dothi la chaka chino ndi louma. Silikumbika ndi nyemba."

Anzake anaseka. Ng'ombe ija inali kubzikula, ikutiyang'ana.

Ndinatenga njinga n'kupita m'tauni. Ndinali nditaiganizira bwino nkhaniyo. Madalawo akalola, ndikhala wopanda mlandu kwa iwo. Akakana, ndikhala wopanda mlandu kwa abale, chifukwa ndikanena kuti mwenye wakaniza katundu wake. Njira zonse ziwiri zinali zabwino kwa ine.

Ndinawapeza atakhala kuseri kwa kauntala, kanyali kaja kakuyaka, m'sitolo mulibe munthu. Anandizindikira ndi mawu. Atamva za imfa ya bambo anandigwira manja onse awiri. Kenako ndinawauza chimene ndinadzera. Sindinabise kanthu, ngakhale za ng'ombe ina yofiira ija ndinazisiya.

"Ng'ombe ili m'khola lanu," anatero. "Mpeni uli m'nyumba mwanu. Ine ndili kuno."

"Ndiye mukulola?"

"Ayi."

"Mukukana?"

"Ndinakana kale tsiku lija pakhondepo. Kukana kwanga kunathera pomwepo. Kwatsala kwanu."

"Madala, anthu akudikira. Ndiuzeni chimodzi."

"Mukufuna ndikusenzereni bambo anu kapena ndikusenzereni ng'ombeyo? Onsewo ndi anu. Ine ndinangolipira."

"Tikaipha mudzakwiya?"

"Ndidzamva chisoni. Kenako ndidzatsegula sitolo."

Anapapasa pansi pa kauntala, anayeza misomali ya bokosi la maliro, n'kundipatsa ulere. Anthu a m'tauni amene ankawadziwa sakhulupirira zimenezi mpaka lero.

Pobwerera ndinayesa kupemphera ndili panjinga. Ndapempherera odwala, maukwati, mbewu, ana olemba mayeso, ndipo mawu sanayambe andisowapo. Tsiku limenelo ndinati "Ambuye," n'kuima pomwepo. Ndikanapempha chiyani? Kuti ng'ombe ife yokha ndisanafike? Ndinachita manyazi kupempha zimenezo, ngakhale ndinaziganiza. Kuti abale asiye kukonda nyama? Ndine wokhulupirira, koma ndimadziwanso malire. Ndinangopalasa njinga. Pofika pamphambano yolowera kwathu ndinali nditakonza bodza labwino, loti mwenye wakana ndipo akuti apita kupolisi.

Achimwene anandichingamira ndisanatsike n'komwe. Wa mpeni uja anaimirira.

"Watani?"

"Ng'ombe siifa."

"Watero mwenyeyo?"

Bodza lija linali pakamwa, lopsa kale. Sindidziwa chimene chinalibweza.

"Ndatero ndine."

Sindilemba zonse zimene achimwene ananena. Zina zinali zoona. Anati bambo anatilera ndi ng'ombe ndipo ine ndawabwezera ndi manyazi. Anati ndasinthanitsa magazi anga ndi chanza cha munthu wa sitolo. 

Anthu anadyabe. Mbuzi zonse za akazi anga zinafa tsiku limenelo, pamodzi ndi nkhuku zimene zinachedwa kuthawa. Madalawo, amene sadya chilichonse chokhala ndi magazi, sindinawauzepo kuti moyo wa nkhalamba yawo unagulidwa ndi miyoyo ingati. Akazi anga ndiwo amandikumbutsa, makamaka mbuzi za anthu ena zikamabereka. Adzukulu anakumba pang'onopang'ono, akuimba kanyimbo kopeka pomwepo konena za mwamuna amene anapeza mayi wake m'khola. Bambo tinawaika dzuwa litapendeka. Achimwene anakwera basi tsiku lomwelo. Kuyambira pamenepo akabwera kumudzi amagona kwa achemwali athu, ndipo kwathu amangopereka moni ali chiimire.

Ng'ombe ija inakhalabe ndi moyo mpaka mvula yotsatira. Udzu utangophuka, pamene chilichonse chinayamba kubwerera m'thupi, iyo inagona pansi pa mtengo wa kuseri kwa khola ndipo sinadzukenso. Ndinkaganiza kuti itatidyera ulemu wonse uja ikhala zaka zambiri. Sinaone chifukwa.

Uthenga usanafike n'kutauni komwe, azimayi anali atafika ndi mabeseni. Kwathu ng'ombe yofa yokha ndi nyama ndithu. Ndinati iikidwa m'manda. Anandiyang'ana monga ayang'anira munthu amene matenda ake adziwika tsopano. Ndinapita kwa adzukulu kukapempha thandizo.

"Pepani ndi maliro a mayi anu, akulu a mpingo," anatero wa mpeni uja, atavula chipewa. "Koma mutiphera chiyani?"

Ndinakumba ndekha. Dzenje la ng'ombe si la munthu. Umakumba mpaka kuyamba kukayika ngati unaidziwadi kukula kwake. Akazi anga anaonerera atapinda manja, kenako anatenga fosholo, akunena kuti sakuthandiza ine koma akufuna fungo lisafike kukhitchini. Tinaikokera m'dzenjemo ndi chingwe chomwe chija cha kusitolo.

Madalawo anafika tisanakwirire, wantchito wawo atawagwira padzanja. Anavula nsapato m'matope. Ndinkayembekeza misozi, kapena pemphero lalitali la chinenero chawo. Anangotulutsa chapati m'kambale kaja n'kuchiponya m'dzenje. Chinagwera pambali chifukwa sankaona, ndipo ine ndinachikankhira ndi fosholo.

"Apita bwino," anatero. "Chimanga chamera?"

Ndinati chamera. Kenako ndinafunsa chimene chinkandidya kuyambira tsiku la maliro a bambo.

"Madala, tikanaipha nthawi ija n'kugula ina yofiira, mukanadziwa?"

"Ayi."

"Ndiye mukanatani?"

"Ndikanaidyetsa chapati. Ikanasangalala kwambiri."

Ndinatsamira fosholo. Ndinaganiza za achimwene, za mbuzi, za kanyimbo kaja kamene ana amandiimbirabe ndikamadutsa. Ndinkafuna anene kanthu kena, koti ndikauze anthu. Iwo anali kupapasa nsapato zawo ndi phazi.

"Chingwe chija chalowa m'dzenje?" anafunsa.

"Chalowa."

"Ndili nazo zatsopano. Mudzadutse."

Ndinadutsa sabata yotsatira. Ndinapeza atatsegula, kanyali kakuyaka, m'sitolo mulibe munthu. Mtengo sanatsitse. Chingwecho ndinagula, ndipo chili pamsomali kuseri kwa chitseko changa. M'khola simunalowebe kanthu, koma m'mawa uliwonse ndimapita kukaona ngati mpanda uli bwino.