Makina Ndinawasiya pa Sikelo

Ndisakunamizeni, chinandichotsa ku Rivirivi si njala kapena msonkho. Inali nsanje. Che Saidi, mnyamata amene tinkawedza naye tili ana, anabwera kuchokera kumigodi ya ku Joni pa ndege yonyamula anthu aganyu, atatenga makina osokera. Anawakhazika pakhonde la sitolo ya kumsewu, ndipo amayi onse a m'mudzi anasandutsa pamenepo ngati pachitsime. Tsiku lina mkazi wanga Elube akuchokera komweko anangoti, "Koma amuna ena amadziwa kuyenda, inu." Sabata isanathe ndinali m'sitima pa Balaka, ulendo wa ku Halale. Ndinali nditamulonjeza Elube pamaso pa amalume ake kuti sindidzaponda pakhomo popanda makina.

Ku Halale ndinapeza ntchito yophika kwa mzungu. Malipiro anali ochepa, ndipo Lamulungu ndinkangokhala m'kachipinda kanga kuseri kwa nyumba, kuyang'ana khoma. Makalata a Elube ankawalemba aphunzitsi a kumishoni. Ina inati, "Musadandaule, ndayamba kuphunzira kusoka kwa Che Saidi kuti makina anu adzandipeze wodziwa." Musadandaule! Ndinapsereza nyama ya bwana tsiku limenelo. Ndinkangomuona mkazi wanga atawerama pamakina a munthu ameneyo, iye ali chilili pambali kumukonzera ulusi.

Chaka chachinayi ndinagula makina, ogwirapo kale koma abwino, opalasa ndi mwendo, a miyendo yachitsulo. Ndikanabwerera pomwepo. Koma mtima unati iyayi, makina okha ndiye kuti ndangofanana ndi Saidi. Ndinagwiranso chaka china kusungira tikiti ya ndege, ndege yeniyeni ya mipando, osati yothithikana ngati matumba a chimanga imene anakwera Saidi. Mnzanga Jemusi wa kwa Kawinga, amene ankagwira ntchito m'munda wa maluwa panyumba yoyandikana ndi ya bwana wanga, anandiseka. "Achimwene, sitima yakulakwirani chiyani?"

Jemusi yemweyo ndiye anandithandiza kunyamula bokosi mpaka kubwalo la ndege. Mayo ine, chinyumba chake! Zitseko mbwee, pansi poterera, azungu ndi Amwenye akuthamanga ndi masutikesi, ena opita ku Joni, ena ku Ulaya. Kudenga kunkamveka mawu a mzimayi wosaoneka, Chingerezi chake chothamanga, ine ndongotolapo "Blantyre" basi. Tinalowa khomo lina, mlonda n'kutibweza. Tinaima pamzere wina nthawi yaitali, kenako n'kutiuza kuti umenewo ndi wa ku Nairobi. Anatipulumutsa ndi bambo wina wonyamula katundu amene anamva tikukangana m'chinenero chakwathu. Anali wa ku Nselema. Anayang'ana bokosi lija n'kupukusa mutu. "Apa si pasiteshoni, achimwene. Apa amayeza."

Ine ndinkadziwa za sitima, kumene munthu umakweza njinga, mbuzi, ngakhale chitseko, bola gadi umulankhule bwino. Bokosi litakwera pasikelo, kalaliki analemba kapepala n'kundionetsa. Ndalama yake inali yoti ndibwererenso kukhitchini miyezi yambiri. Ndinapempha kuti andibwezere ya tikiti, anati nthawi yake yapita kale. Ndinati makinawo ndiwanyamula pamiyendo, anangoseka.

Jemusi anandikokera pambali. "Tikitiyo ipse. Lachinayi kuli sitima, mupite ndi makina anu." Mzimayi wa kudenga uja anaitananso Blantyre. Pazenera ndinaiona ndege ili phee padzuwa, ikunyezimira, azungu akukwera pamakwerero. Ndinaganiza za nkhope ya Saidi akadzamva. Ndinauza Jemusi kuti andipatse zimene anali nazo m'thumba, makinawo akhale ake. Anandiyang'ana ngati ndapenga, koma anapereka.

Za m'mwambamo musandifunse. Ndinatseka maso njira yonse, ndikusanzira m'kathumba ka pepala. Pa Chileka panalibe ndi mmodzi yemwe wondidziwa. Ndinakwera lole mpaka ku Limbe, kenako sitima, ndipo pa Balaka ndinatsika limodzi ndi matchona ena onse, mwaye uli thoo m'makutu. Anzanga ankatsitsa njinga ndi mabokosi. Ine ndinali ndi kasutikesi kamodzi.

Pakhomo ndinapeza khonde atalikulitsa, atalizira bwino ndi dothi lakuda, pakona pali kampando katsopano. Elube anagwada kundilonjera, maso ali kunjira kumene ndinachokera.

"Katundu wina akubwera pambuyo?"

"Ndabwera pa ndege, mayi," ndinatero mokweza kuti amalume ake amene anakhala pamkeka amve.

"Eya. Nanga makina akwera chiyani?"

Ndinafotokoza za sikelo, za kalaliki, za zitseko. Palibe anafunsa kuti mitambo imaoneka bwanji. Amalume anangotomola fodya wawo wam'mphuno n'kuyang'ana kumbali. Elube anandiuza pang'onopang'ono kuti kalata yanga yonena za makina itafika anakatsanzika kwa Che Saidi, n'kuwabwezera sizasi yawo. Amayi a m'mudzi anali atamubweretsera kale nsalu zoti adzasokere pakhonde lakelo. Zinali m'dengu, zopindidwa bwinobwino. Sanalire, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa akanandilalatira.

M'mawa mwake anamanga nsalu zija mumtolo kuti akapemphenso malo pamakina a eni. Mtolowo ndinausenza ine. Tili patali ndinayamba kumva kulira kwa makina aja, ndipo nsanje yomwe ija inandibwerera ngati sindinachokepo.

Che Saidi anaimirira kundipatsa moni ndi manja awiri, ataonda, akukhosomola chifuwa cha kumgodi.

"Takulandirani, achimwene. Mwayenda bwanji? Pa sitima?"

Ndinatula mtolo pafupi ndi makina ake. "Eya," ndinatero, "pa sitima."