Kiyi wa Bokosi Lobiriwira

Bokosi lachitsulo lija lilipobe, lobiriwira, loko wake wadzimbiri akadali pomwepo. Anagula ndi amalume chaka chimene ndinasankhidwa kupita ku koleji ya zauphunzitsi. Ndinali mtsikana wa zaka khumi zisanu ndi zinayi, koma kunena zoona ndinali ndisanadzigulirepo ngakhale sopo.

Amayi ankandichitira zonse. Chimwalirireni mkulu wanga, amene anakokoloka ndi napolo wa m'phiri la Michesi, ine sindinkaloledwa kuwoloka mtsinje kapena kupita ndekha kuchigayo. Munthu akandifunsa kuti ndadzuka bwanji, amayi ankayankha ndiwo kuti wadzuka bwino. Inenso ndine wa phee chibadwire, ndiye sindinkaona cholakwika. Aphunzitsi athu a Chingerezi, a ku Mzimba, ankanditonza kuti mutu ndimabwera nawo koma pakamwa ndimasiya kunyumba. Anauzanso amalume kuti mayeso ndikhoza ndithu, koma wina andiphunzitse kupempha.

Dzulo lake la ulendo amayi analongedza okha: madiresi, makope, satifiketi yanga ya Folomu Folo, ndi mtedza wokazinga m'kathumba ka shuga. Anakhoma loko, kiyi n'kumangirira pangodya ya chitenje chawo. M'mawa amalume anandikweza matola kukugwa mvula yowaza.

Nditafika ndinagwada m'chipinda chogona kuti nditsegule. Kiyi ndinalibe. Mtsikana aliyense m'menemo akanaswa lokoyo ndi mwala, komanso kalipentala wa pakoleji ankadutsa pakhonde ndi hamala tsiku ndi tsiku. Ine osapempha. Sekani, nanenso lero ndimadziseka, koma kuswa loko amene amayi akhoma, mutu wanga sunkafikako. Diresi ndinali nalo limodzi. Ndinkalichapa ndi madzi okha madzulo, m'mawa n'kulivala lonyowa, likuzizira kumsana. Mtedza unayamba kununkha nkhungu mkatimo, ine n'kumangokhala pamwamba pake.

Kenako ku ofesi anandiuza kuti ndionetse satifiketi pofika Lachisanu la sabata yachitatu, apo ayi malo anga apatsa wina. Anandifunsa ngati pali vuto. Ndinayang'ana pansi kudikira kuti wina andiyankhire, kenako ndinati palibe.

Lachisanu lomwelo ndinasenza bokosi, ulendo wa kwathu. Sindinalire, sindinachitenso manyazi. Mumtima munali zii.

Ndinapeza amayi akusenda chinangwa pakhonde. Amalume anakalipa, kufunsa ngati miyala inatha ku kolejiko, mpaka anthu oyandikana nafe anatuluka. Amayi anaika mpeni pansi. Anapukuta manja, anamasula ngodya ya chitenje, natsegula loko uja mosavuta.

"Ndinaiwala, mwanangu. Lowa, udye."

Ndinalowa, ndinadya. Malo anga anapatsadi wina, ndipo dzinja limenelo ndinapalira chimanga pambali pa amayi, iwo mzere wawo, ine wanga.

Ndinawakhulupirira amayi zaka zambiri kuti anaiwaladi. Mpaka tsiku limene ndinkalongedza katundu wa mwana wanga wopita kusukulu yogonera konko, chikhatho changa chitakana kusiya kiyi wa bokosi lake, m'pamene ndinakumbukira. Pamfundo yomwe ija ya chitenje pankakhalanso kiyi wa chitseko cha nyumba yathu. Amayi ankaimasula m'mawa, n'kuimasulanso madzulo, masabata atatu onse aja.