Mabuluku a Achimwene a ku Esiteti

A Efulemu anali telala pakhonde la sitolo ina pa Nathenje, komanso mkulu wa mpingo. Ankati utelala ndiyo ntchito yoyera kuposa zonse, poti anthu oyamba aja atachimwa, Mulungu mwini ndiye anawaveka. Akalipentala ndi okhoma zidebe ankawaona ngati obwera mochedwa.

Matipate atabwera, lamulo loletsa akazi kuvala mabuluku linachotsedwa. A Efulemu analalikira mpaka kusasa mawu kuti ufulu wosankha chipani si ufulu woonetsa miyendo. Tsoka lake, nthawi yomweyo kaunjika anadzaza pamsika, moti makina awo ankangokhala duu tsiku lonse.

Ndiye kunabwera mtsikana wina wogulitsa tomato, atanyamula nsalu ndi chingwe chomanga mfundo zitatu.

"Achimwene anga ali ku esiteti ya fodya ku Mitundu, akufuna buluku. Muyeso wawo ndi uwu."

A Efulemu anayang'ana mfundo ya m'chiuno, kuyang'ananso ya m'munsi mwake, n'kukhosomola pang'ono. Mwamuna wolima fodya woumbidwa chotero anali asanamuonepo chibadwire. Koma anasoka ndithu, poti kukayikira mnzako nakonso ndi tchimo.

Posakhalitsa atsikana onse a pa Nathenje anali ndi achimwene ku esiteti, onse owonda m'chiuno ndi odzaza bwino kumbuyo. Makina anayambanso kulira, ndipo kwa a Efulemu ndiwo zinayamba kuona mafuta. Atsikana aja akamakwera basi ya ku Lilongwe atavala mabuluku a achimwene awo, a telala ankapezeka kuti atanganidwa kulowetsa ulusi m'singano.

Koma a Isake, mkulu mnzawo, maso awo sankatanganidwa. Anakanena ku bwalo la akulu kuti msoko wa mizere iwiri uli pamabulukuwo ndi womwe uli pasuti yomwe a Efulemu anawasokera. Chigamulo chinali chachidule: akangosokanso buluku lina limodzi lokha lotere, a Efulemu asiye ukulu, asiyenso mgonero. A Efulemu analonjeza dzanja lili pamtima, ndipo sankanama. Benchi ya akulu ya kutsogolo m'tchalitchi ankaikonda kuposa nyama.

Akazi awo, a Felesiya, ankapalasa njinga kukapikula nyemba ku Mitundu. Tsiku lina akutsetsereka ndi thumba kumbuyo, chitenje chinakodwa m'tcheni. Anagwa chagada pakati pa msewu, bondo n'kung'ambika, chitenje n'kutsala panjinga, amuna a pangolo akuonerera. Bala linapola, koma manyazi aja anawasowetsa mtendere.

M'mawa wina anatulukira pakhonde paja ndi nsalu yakuda ndi chingwe. A Isake anali pakhonde loyandikana akusewera bawo, ndipo dzanja lawo linaima m'malere.

"Bambo a Masozi," anatero a Felesiya maso ali pansi, "achimwene anga akufuna buluku."

A Efulemu anakwatira chikamwini, anakhala kwawo kwa mkaziyo zaka zambiri. Kumeneko kunabadwa ana aakazi okhaokha, moti a Felesiya analibe achimwene, ndipo Nathenje yense ankadziwa zimenezi. Anayang'ana chingwe chija, kenako chipsera chomwe chinkasuzumira m'munsi mwa chitenje. Mtima unawawawa kuti mkazi wawo yemwe wafika powanamiza chifukwa chowaopa.

"Mayi a Masozi, chingwecho kamangireni mbuzi," anatero mokweza ndithu. "Imani apa."

Anachotsa tepi m'khosi n'kuwayeza okha, anthu onse akuona. A Isake anadzuka osamaliza bawo.

Lamlungu lotsatira a Efulemu sanadikire kuuzidwa. Anakakhala benchi ya kumbuyo, pafupi ndi khomo, ndipo mbale ya mgonero itawadutsa analira osabisa. Lolemba m'mawa anaima pakhonde n'kumayang'ana a Felesiya akutsetsereka panjinga, chitenje atachimanga m'mutu, mpaka atazimiririka.