Chikho Chimene Atate Sanamwere

Atate anga anali ndi zipsera za chikoti kumsana. Anawakwapula nthawi ya atsamunda chifukwa chokana kukalambula msewu wa boma mtedza wawo usanakumbidwe. Mzungu anangolamula. Wogwira chikotiyo anali mesenjala wa m'mudzi mwathu momwemo ku Zemba.

Ufulu utabwera mzungu uja anapita kwawo. Mesenjala anavula yunifomu n'kukhala tcheyamani wa chipani, kenako mkulu wa mpingo. Munthu ameneyo sankasowa mpando.

Ku mpingo kwathu, Mgonero ukayandikira akulu ankayendera makomo kufunsa ngati pali wina wosunga chakukhosi. Wachakukhosi sayandikira gome la Ambuye. Atate ankayankha chimodzimodzi chaka ndi chaka.

"Abwere pakhomo pano adzanene kuti analakwa. Nkhuku sindifuna, ndifuna mawu cabe."

"Madzi akatayika sawoleka, bambo," ankatero akuluwo. "Dziko ndi limodzi lomba, iwalani."

"Msanawu ni wanga," ankatero atate.

Motero munthu wobadwira mumpingo, wodziwa nyimbo zonse pamtima, ankakhala pabenchi yakumbuyo n'kumaonerera dzanja lomwe linawakwapula likugawa chikho. Zinkandiwawa, ndipo zimandiwawabe.

Ndili kusekondale tinaphunzira kuti Ajapani analamulirapo Akoreya, kuwagwiritsa ntchito yakalavulagaga m'migodi, ndipo Akoreya ambiri ankadikirabe kupepesedwa kochokera pansi pa mtima. Patchuthi ndinawafotokozera atate tikutong'ola chimanga. Anaseka pang'ono.

"Bola iwo, pakati pawo pali nyanja. Wanga timatunga citsime cimodzi."

Atadwala mwakayakaya anayamba kulakalaka Mgonero. Ndinapalasa njinga mpaka kwa tcheyamani, n'kugwada monga mwana. Ndinawapempha kuti angobwera adzanene mawu aja.

"Ine n'nali wotumidwa cabe, mwanawe. Wofunika kupepesa ni mzungu," anatero. "Komanso mawa kuli msonkhano wa cipani."

Atate anamwalira sabata yomweyo. Pamaliro, woyankhula m'malo mwa mpingo anali tcheyamani yemweyo. Anaimirira, jekete yosita bwino, n'kuuza khamu lonse kuti malemuwa analibe chifukwa ndi munthu aliyense. Anthu anavomera ndi mitu.

Mgonero wotsatira utayandikira, akulu anafika pakhomo pathu mwachizolowezi. Anakhala pamipando yomwe ija, nkhope zili zomasuka poganiza kuti nkhani inakwiriridwa limodzi ndi mwini wake. Anandifunsa ngati ndili ndi chakukhosi ndi wina.

"Abwere pakhomo pano," ndinatero.