Katoni imene alamu anga anati sindinawapatse

Lachiwiri lapitali ndinaimbira foni mnzanga wa ku Rumphi, a Gondwe, ndikumwetulira ndekha pakhonde. Ndinkafuna kumva za mowa umene ndinawatumizira.

"Achimwene, nanga wakuda uja bwanji? Mwauyamba kapena mukuusungabe?"

Munthu amene amayamba kuseka asanayankhe n'komwe moni anandifunsa ndi mawu ouma: "Mowa uti, a Jailosi?"

Zaka zonsezi amanditchula kuti achimwene. Tsiku limenelo ndinali a Jailosi.

Ndikufotokozereni kaye za ubale wathu. Ine ndi a Gondwe tinagwira ntchito limodzi ku Blantyre tili anyamata. Atapuma anabwerera kwawo kukaweta njuchi, ine n'kubwerera kuno ku Mwanza. Kamodzi pachaka, akafula uchi, amafulula mowa wa uchi womwewo. Sagulitsa, ndipo simungaupeze m'bala iliyonse. Amanditumizira chigubu chimodzi. Ine ndimawabwezera mowa wakuda wa ku Mozambique, umene ngakhale pamalire pa Zobue supezeka wamba. Pali dalaivala wina wa thiraki yochokera ku Beira amene amandibweretsera akakumbukira, ndipo sakumbukira kawirikawiri.

Chaka chino chigubu chawo chinafika bwinobwino. Ndinamwa, ndinagawirako anzanga, ndinaimba foni kuthokoza. Inatsala mbali yanga.

Ndinakulunga botolo lililonse m'nyuzipepala, kuthira utuchi m'mipata, kumata katoni ndi tepi mpaka kuoneka ngati yovulala. Kenaka ndinaipereka kwa munthu amene ndinkati sangandigwiritse fuwa lamoto: alamu anga a Dankeni, amuna a mlongo wanga. Iwowa amayendetsa lole yonyamula manachesi kupita nawo ku Mzuzu.

Sindinawabisire. Ndinati, "Alamu, muli mowa umu. Muuike kumbuyo kwa mpando, usadzapanikizidwe ndi matumba."

Anaseka. "Palibe vuto, alamu. Ifika."

Atabwerako tinakumana pamsika pa Boma. "Zinafika bwino," anatero, akundigwira chanza ndi manja awiri. Ine n'kumadikira foni ya a Gondwe. Itachedwa ndinangoti mwina akuusungira tsiku lapadera.

Lachiwiri lija ndi pamene ndinamva zimene zinachitika ku Mzuzu. A Gondwe anakwera minibasi kuchoka ku Rumphi, n'kukaima padzuwa pamalo otsitsira manachesi. Anali ataitana anzawo kunyumba kuti madzulo adzalawe za kutali. Lole itafika anapereka moni n'kudzitchula dzina. Alamu anga anawayang'ana m'maso n'kunena kuti, "Pepani bambo, ine sanandipatse kanthu. Mwina anaiwala."

Mwamva? Sanandipatse kanthu.

M'mawa mwake ndinakwera kabaza wa kwa Nthache, kumene alamu amakhala. Ndinawapeza alamu akusoka tenti ya lole pabwalo, mlongo wanga ali pakhonde kusankha nandolo. Moni sitinachedwe naye.

"Alamu, katoni yanga ili kuti?"

"Aa, ija? Inasweka pa mabampu. Mukuudziwa msewu wathu."

"Mabotolo onse?"

"Onse."

"Nanga bwanji munandiuza kuti zinafika bwino?"

"Ndinaopa kukukhumudwitsani."

"Nanga a Gondwe munawauziranji kuti sindinakupatseni kanthu?"

Anayamba kulimbana ndi singano ngati ulusi wathawa. Mlongo wanga anaika lichero pansi.

"Bambo a Tadala, auzeni zoona achimwene. Ine ndatopa nako kusunga nkhaniyi."

Zoona zake ndi izi. Tsiku la ulendo ananyamula mkulu wina wa mpingo wawo amene ankapita ku Ntcheu. Mkuluyo anaona katoni kumbuyo kwa mpando n'kufunsa kuti muli chiyani. Atamva kuti ndi mowa anati iye sangayende m'galimoto imodzi ndi zoterozo, ndipo Mkhristu weniweni sanganyamule. Atangofika pa Zalewa alamu anaimitsa lole, kung'amba tepi yanga, kutsegula mabotolo limodzilimodzi n'kumakhuthulira m'ngalande, uku mkuluyo akupemphera.

Alamu anamaliza kufotokoza ataweramitsa mutu, koma kenaka anaudzutsa. "Komatu alamu, mukaganiza bwino, tinakupulumutsani. Inu ndi mnzanuyo."

Apa ndi pamene magazi anga anawira.

Ndisanapitirire, ndinene ichi kuti ena asandilembere makalata aukali. Inenso ndimapemphera. Munthu amene chikhulupiriro chake chimaletsa mowa ndimamulemekeza, ndipo sindinamukakamizepo aliyense kugwira botolo. Alamu akanandiuza pakhomo panga kuti, "Zimenezi ine sindinyamula," ndikanati zikomo n'kukafuna wina. Malole opita kumpoto ndi ambiri nyengo ya manachesi. Ngakhale mtima ukanawatembenukira ali pa Zalewa, foni anali nayo m'thumba. Akanatha kuisiya katoniyo pa golosale iliyonse n'kundiuza kuti ndikaitenge.

Kukana ndi ufulu wawo. Koma ukalandira katundu wa mwini ndi manja ako, n'kunena kuti ifika, wasanduka miyendo ya mwiniyo basi. Sunasanduke m'busa wake. Ndani anawapatsa udindo woweruza zimene zili m'katoni yanga? Mawa akadzanyamula mapiritsi a kulera a mayi wina, nawonso adzawataya m'ngalande chifukwa wokwera naye sagwirizana nazo?

Ife a ku Mwanza timakhalira msewu. Positi yathu yeniyeni ndi madalaivala, makondakitala ndi akabaza. Ufa wa mwana amene ali kusukulu ku Blantyre umayenda nawo. Mankhwala a makolo ku Thambani amayenda nawo. Mbewu, nkhuku, diresi la ukwati, zonse. Palibe chosainirana. Timangoti, "Mukafika muimbe." Ndiye taganizani dziko limene aliyense wonyamula katundu angathe kumutsegula, kumuyesa ngati ndi woyera, n'kudzanena kuti sanamuonepo.

Katundu amawonongeka, inde. Zimenezo si zachilendo. Chaka china chigubu cha a Gondwe chinaphulikira m'basi, poti mowa wa uchi umapitiriza kuwira ukamva kutentha. Kondakitala anaimba ali ku Kasungu, akuseka ndi kudandaula nthawi imodzi: "Abwana, katundu wanu waphulika, basi yonse ikununkha uchi, njuchi zikutitsatira!" Anabweretsa chigubu chong'ambikacho kuti ndichione ndi maso. Ndinawauza a Gondwe tsiku lomwelo. Iwo sananene kuti, "Ine ndinatumiza, zanga zatha," monga amachitira ena amene amasamba m'manja basi ikangonyamuka. Anati, "Ndatsala ndi pang'ono, tigawana," n'kutumiza kachigubu kena. Palibe amene anataya ulemu. Mpaka lero nkhaniyo timaisekerera.

Chovuta n'chiyani pamenepa? Chasweka, nena lero lomwe. Uza wotumiza, uza wolandira. Onetsa zidutswa. Ngati unalakwitsa ndiwe, nena ndi pakamwa pako. Wotumiza naye akamva, asathawe. Mnzake uja anapereka kale zake ndipo akudikira.

Koma ife tili ndi matenda a kuopa mawu oipa kuposa kuopa zoipa zenizenizo. Timati ndi ulemu. "Ndinaopa kukukhumudwitsani." Ulemu wanji umene umasiya bambo wachikulire ataima padzuwa, n'kubwerera kwawo chimanjamanja kukayang'anizana ndi alendo amene anawaitana? Ulemu wanji umene umapulumutsa nkhope yako poipitsa dzina la mnzako?

Ndipo a Gondwe, popeza ndikudziwa kuti muwerenga, inunso sindikusiyani. Munakhala chete mukupsa mtima. Munasankha kukhulupirira munthu amene munakumana naye koyamba pa mulu wa manachesi, m'malo moimbira mnzanu amene munkagawana naye chipinda ku Ndirande. Foni imodzi yonena kuti, "Achimwene, kuno sikunafike kanthu," ikanathetsa zonse tsiku lomwelo. Wolandira akapanda kulandira, anene. Si kupempha kumeneko, ndi kuteteza ubale.

Tibwerere pabwalo pa alamu. Ndinatulutsa foni, kuimbira a Gondwe, kutsegula sipika n'kuwapatsa alamu.

"Auzeni nokha."

"Alamu, tingakambe kaye ife..."

"Tayankhulani, bambo a Tadala," anatero mlongo wanga, osakweza mawu.

Anayankhula. Anayamba ndi moni wautali, kufunsa za mvula ya ku Rumphi ndi za njuchi, mpaka mlongo wanga anatsokomola. Kenaka ananena: katoni anapatsidwa, anaitaya okha, ndipo ku Mzuzu ananama. Mawu oti pepani anatuluka movutikira, koma anatuluka.

A Gondwe anati, "Bwezerani mwini foniyo."

Ndinaitenga.

"Achimwene," anatero, ndipo mtima wanga unatsika nditamva dzinalo. "Za mowawo zisakuvuteni. Vuto langa ndi lina. Madzulo a tsiku lija ndinauza mayi a kunyumba ndi anzanga onse amene anabwera kuti munthu wa ku Mwanza uja wamwa zanga n'kundipusitsa. Ndinanena zambiri, zina zosayenera. Tsopano ndiyenera kuyenda khomo ndi khomo kukabweza mawu anga."

Ndiye taonani. Kumudzi kumene sindinafikeko, kuli anthu amene sanandionepo nkhope koma akundidziwa ngati wakuba. Ena a iwo a Gondwe adzawapeza n'kuwafotokozera. Ena anauza kale anzawo, ndipo amenewo palibe adzawafikire.

Mowa wina ndidzatumiza. Ndamuimbira kale dalaivala wa ku Beira uja, wati aona. Mwina chaka chino, mwina chamawa. Ndikadzaupeza ndidzakwera nawo basi ndekha, katoni ili pamiyendo.

Ndikunyamuka, alamu anandiperekeza mpaka pamsewu. Kabaza atayima anandigwira mkono n'kufunsa motsitsa, "Ndiye nkhani yatha eti, alamu?"

Sindinawayankhe, chifukwa mlongo wanga ankationa ali pakhonde. Ndiwayankhe pano, pamodzi ndi mkulu wa mpingo uja ndi aliyense amene amanyamula katundu wa anzake.

Mowa munauona kuti ndi tchimo lolemera kwambiri moti lole yanu sikanatha kupitirira nalo pa Zalewa. Koma bodza munalinyamula mpaka ku Mzuzu, kulitsitsa pamaso pa munthu wosalakwa, kunyamulanso lina kubwera nalo ku Mwanza, n'kukhala nalo m'tchalitchi Lamulungu lililonse osamva kulemera. Pa akatundu awiriwa, woyenera kutayidwa m'ngalande anali uti?