Tsiku Lomwe Ndege Inakana Zitenje Zathu

Lero ndatola jumbo pabwalo pomwe helikopita ya odwala imatera, ndipo ndakumbukira kwathu ku Thuchila ndili kamtsikana.

Mlatho unali utakokoloka, ndipo amayi anga anali atavutika masiku awiri mwana osabadwa. Titamva kuti kukubwera ndege kudzawatenga, azimayi a m'mudzi anayala zitenje pabwalo la mpira, monga tinkachitira polandira mlendo wolemekezeka. Nanenso ndinayala kachitenje kanga kofiira.

Ndegeyo inafika, inazungulira kawiri, osatera. Ndinalira poganiza kuti yanyoza zitenje zathu zakutha.

Abambo ena azaumoyo anabwera akuthamanga. "Amayi, chotsani nsaluzi msanga. Mphepo ikaziulutsa zikakola m'mapiko ozungulirawo, tithera pompano tonse. Mangitsani maduku, muime patali."

Titachotsa inatera, fumbi n'kutilowa m'kamwa. Onyamula amayi anayenda chowerama, kudzera kutsogolo komwe woyendetsa ankawaona.

Pano ndine namwino. Ndege isanatere ndimayendera bwalo lonse, kutola chilichonse chopepuka. Mng'ono wanga, amene anabadwa tsiku lomwelo, amandiseka kuti ndinaphunzirira kusesa. Ndimangomuuza kuti iyeyo ali moyo chifukwa ndege ija inakana ulemu wathu.