Chitseko cha pikapu ya ababa

Mwaswera bwanji nonse.

Lero m'mawa ndinali pa Bangula kukagula makina opukutira galimoto aja. Wogulitsa anandionetsa mitundu iwiri, ena othamanga ngati gilayinda yodulira zitsulo, ena ozungulira mofatsa. Anati, "Achimwene, ndi dzuwa lathuli, othamangawa akuwotcherani penti." Ndatenga ofatsawo ndi masiponji awiri, ina yolimba yochotsera zokandika, ina yofewa yowalitsira.

Ndaimika pikapu ya malemu ababa pamthunzi wa mango n'kuyamba ntchito. Boneti yawala mpaka amayi adziona nkhope, aseka.

Koma nditafika pa chitseko cha dalaivala, ndazimitsa makina. Pansi pa windo pali malo othimbirira, pamene ababa ankatsamiritsa chigongono zaka zonse zija akupita ku Marka kukatenga nsomba. Siponji yolimbayo ikangodutsapo kamodzi, basi pafufutika. Amayi asisitapo ndi dzanja, angoti, "Mwanawe, apa taima kaye."

Loweruka galimotoyi inyamula mkwatibwi, mchemwali wathu Esinati, kupita kutchalitchi, ndipo alamu, amene akumukwatirawo, akufuna iwale yonse. Inu mukuti bwanji? Ndipukute, kapena ndisiye ababa amuperekeze mwana wawo?